Sipeya Safufuza Popanda Sampulo

Aliyense wofuna kunyoza Sipeya aziyamba wayang'ana ngati ine ndili pafupi, chifukwa ndikamva sindimeza mawu. Ndimamata matayala pakhomo loyandikana ndi lake, khoma lathu ndi limodzi, ndipo zimene ndikulemba panozi ndinaziona ndekha. Sikuti ndi mngelo ayi. Ndi munthu wovuta, wamakani, wosaseka msanga. Koma pamsewu wathu uno palibe wina amene anakhalapo pansi n'kuphunzitsa ana a eniake kufunsa funso.

Dzinali analitenga ku ntchito yake yakale. Sanali makaniko, ndipo sipanala ankaigwira ngati yobwereka. Iye anali wosaka zitsulo, masipeya a galimoto. Galimoto ikafera pagalaja, amakaniko ankamasula chitsulo chakufacho n'kumupatsa, iye n'kuchikulunga m'kansanza, ulendo wa kumsika wa zitsulo zakale, kuja magalimoto ophwanyika amasanjikizana mpaka kutchinga dzuwa. Chitsulo chakufacho pantchito imeneyo amachitcha sampulo. Popanda sampulo Sipeya sankanyamuka, ngakhale mwini galimoto alumbire kuti mtundu wake ndi chaka chake akuzidziwa. Ankati mwini galimoto amaiwala, makaniko amanama, koma ukagundanitsa zitsulo ziwiri, mabowo amaoneka okha ngati akulingana kapena ayi.

Kumsikako munthu ukangofika pageti amakuthamangira madobadoba, aja alibe katundu koma amakukoka mkono kuti chimene ukufunacho chili kwa iwo. Sipeya ankawadutsa ngati wogontha. Ankalowa mkati mwenimweni, kufunsa pabenchi iyi, kukafunsanso pa ina, osagula asanaone kangapo. Ndipo sankafunsa wogulitsa kuti, "Ichi n'chabwino, eti?" chifukwa chiyambire dziko palibe wogulitsa anayankhapo kuti ayi.

Ntchitoyo inatha ndi ngozi. Tsiku lina akubwera panjinga yamoto atanyamula pampu ya mafuta, lole inawakankhira m'ngalande. Mwendo unathyoka pawiri n'kupola mokhota. Munthu woyendera ndodo sangakwere pamwamba pa magalimoto akufa, ndiye amagalaja anapeza wina. Achemwali ake, amene ali ndi shopu ya fotokope, ndi amene anamutola. Anamupatsa kachipinda kogona kuseri, ndi pangodya m'shopumo, kumbuyo kwa shelefu ya mapepala, pamene panali makompyuta awiri otopa, benchi, ndi fani yokana kutembenuka. Ankati aziyang'anira makasitomala asabe mawaya. M'menemo mumanunkha pepala lotentha tsiku lonse, ndipo makina a fotokope akayamba kulira munthu umayankhula mokuwa.

Kompyuta palibe anamuphunzitsa. Anayamba ndi kusakapo zitsulo zomwezo, kutayipa ndi zala ziwiri ngati nkhuku yojompha. Chingerezi amawerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera, ndipo mawu akamukanika amaitana aliyense amene ali pafupi kuti amuwerengere, popanda manyazi. Pasanapite nthawi ananditulukira pakhomo nkhope ili gwa, n'kundiuza kuti intaneti yonseyi ndi msika wa zitsulo womwe uja, ndipo madobadoba ake aliponso pageti.

Ana anayamba kubwera chifukwa cha aphunzitsi. Masiku ano mphunzitsi akatopa amangoti kafufuzeni pa intaneti. Kunyumba foni ndi imodzi, ndipo ili m'thumba la bambo kuntchito. Ndiye masana akaweruka ankadzadza m'shopumo, zikwama pansi, kukankhana pabenchi. Mwana ankatayipa funso lonse mmene mphunzitsi walembera pabolodi, ndi nambala yake yomwe, n'kudina chinthu choyamba chimene chatuluka, kukopera osawerenga, basi wapita. Wina analemba m'kope mwake malonda a kampani yogulitsa mapampu amadzi, pomwe funso linali lakuti mitsinje imayambira kuti. Sipeya ataona zimenezo anazimitsa makompyuta onse awiri n'kulengeza kuti kuyambira tsiku limenelo palibe mwana wokhala pabenchi opanda sampulo m'manja.

Tinaseka tonse, ineyo kuposa onse. Ndinamufunsa kuti mwana wofufuza za njovu abwere nayo bwanji. Iye sanaseke. Anati abwere ndi tsamba la buku pamene palembedwa mawuwo, aloze ndi chala. Wa za zomera abwere ndi tsamba la mtengowo. Wa za miyala atole mwala. Ana ndi ana, anachita kupitirira muyeso. Wina anabwera ndi dzino lake logweluka m'kabokosi ka machesi. Wina anabwera ndi buluzi wamoyo m'botolo, chitsekerero n'kuguluka, achemwali a Sipeya n'kukwera pampando makasitomala akuona. Tsiku limenelo Sipeya anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito.

Koma ndinkaona chimene chinkachitika. Mwana akagwira chinthu m'manja, Sipeya ankamufunsa kuti n'chiyani, wachitenga kuti, ukufuna kudziwa chiyani kwenikweni. Mwanayo akayankha mozungulira, iye ankangoti, "Dula. Dulanso." Funso la mizere itatu linkatsala mawu ochepa, olimba okhaokha. Zotsatira zikatuluka ankaphimba zapamwambazo ndi chikhatho chake, n'kuonetsa mwanayo kachizindikiro kakang'ono kosonyeza kuti awa alipira kuti akhale patsogolo. Mwana akatsegula tsamba, ankayenera kupeza kaye amene walemba, analemba liti, ndipo akugulitsa chiyani. Kenako atsegule lina, la anthu ena. Pomaliza ayang'ane chinthu chili m'manja mwakecho, aone ngati chikufanana ndi chimene chili pakompyuta.

Zimenezi zimadya nthawi, ndipo si ana onse ankapirira. Tsidya lina la msewu kuli mnyamata wa shopu ina amene umangomuuza mutu wa homuweki, iye n'kukusindikizira pompo. Ambiri anathawira kumeneko. Bambo wina anabwera kudzadandaula kuti mwana wake amachedwa kunyumba chifukwa cha wolumala wofuna kudzisandutsa hedimasitala. Bamboyo ndinamuyankha ndine, ndipo mpaka lero tayala lake amakamatitsa kwina. Sipeya anangondiuza kuti ndamuthamangitsira kasitomala wa achemwali ake.

Mwa ana amene sanathawe panali mtsikana wa kusekondale yoyambirira amene tonse timamutcha Loya, chifukwa sanavomerepo kanthu asanatsutse. Amayi ake ali ndi saluni kumapeto kwa mdadada wathu, ndipo akulera okha ana awiri. Loya ankabwera kwa Sipeya makamaka kudzakangana naye. Ankati lamulo la sampulo ndi lachikale, foni ya amayi ake amangoiyankhula ndi pakamwa n'kuyankha pompo. Sipeya ankati nayenso dobadoba amayankha pompo.

Mlongo wake wamng'ono timamutcha Dalaivala, chifukwa cha galimoto yamawaya imene amayendetsa m'mphepete mwa msewu, akulira ngati injini. Mwanayo ali ndi khunyu. Aliyense pamsewu pano ankadziwa, poti kale ankagwa pafupipafupi, ndipo tsiku lina anagwera pafupi ndi mbaula ya makala. Kuchipatala anamupatsa mapilisi akumwa tsiku lililonse, kugwako n'kusiya kwa nthawi yaitali. Vuto linali tulo. Mwana ankasinza m'kalasi, kusinza akudya, ndipo galimoto yamawaya ija inayamba kukhala masiku ili pakhonde.

Tsiku lina masana ndinalowa m'shopumo kukatchaja foni, ndiye ndinapeza Loya ataima pamaso pa Sipeya, manja m'chiuno. Sinali homuweki. Ankafuna kompyuta kuti apeze kapangidwe ka chakumwa china chimene anaona pa vidiyo, chimene amati chimachotsa khunyu mpaka kalekale popanda mapilisi. Sipeya anafunsa sampulo. Loya anati chakumwacho sanachipange, ndiye sampulo aitenga kuti. Sipeya anati ngati nkhani ndi yolowa m'malo mwa mapilisi, chitsulo chakale ndi mapilisiwo, akatenge bokosi lake. Mtsikanayo anatsutsa, anati ndi nkhanza, anati apita tsidya lina. Kenako anatuluka akuguguda mapazi, n'kubwerako ndi bokosi.

Sipeya analitsegula monga amatsegulira chilichonse, kukhuthulira zonse patebulo. Timapepala tasiliva tija tinagwa tonse tili todzadza. Panalibe ngakhale pamodzi pobooledwa. Anatembenuza bokosilo n'kuona tsiku limene achipatala analemba ndi bolopeni, ndipo linali lakale ndithu.

"Dalaivala anamwa liti komaliza?" anafunsa.

Loya anayang'ana fani. Kenako anati amayi anamusiyitsa. Anati aphunzitsi anaitanitsa amayi kusukulu n'kuwauza kuti mwanayu abwereza kalasi chifukwa amangogona. Amayi anabwera akulira, n'kumupatsa foni kuti afunse. Iye anafunsa, foni n'kubweretsa bambo wovala chovala choyera ngati dokotala, mabotolo ali ndandanda kumbuyo kwake, akunena kuti mapilisi amenewa amapha ubongo wa mwana. Amayi atamva anabisa bokosilo m'kabati ya mankhwala atsitsi. Ndipo chisiyireni, anatero Loya, mwanayo wadzuka, akusewera, sanagwe.

Sipeya anafunsa kuti foniyo anaifunsa kuti chiyani kwenikweni, mawu ake enieni.

"Ndinati, kodi mapilisi a khunyu amapha nzeru za ana?"

"Ndiye unafika pageti yankho lili kale mkamwa," anatero Sipeya. "Iwo anangokuthandiza kulinyamula."

Ine magazi anali atandikwera kale. Ndinaimirira kuti ndipite ku saluni ndikawauze amayiwo mawu awiri okha. Sipeya anatchinga njira ndi ndodo yake.

"Khala pansi, aise. Iwe ukapopa umapitiriza mpaka chubu chiphulike."

Ndinakhala. Anauza Loya akhale pakompyuta, bokosi pafupi ndi dzanja. Anamuuza akopere dzina la mankhwalawo mmene lalembedwera, chilembo ndi chilembo, dzina lalitali loti ine sindingalitchule. Kenako awonjezere mawu amodzi okha, akuti tulo. Asaikepo zoti amapha, asaikepo zoti ndi abwino. Zapamwamba anaziphimba ndi chikhatho monga mwa masiku onse. Loya anatsegula tsamba la chipatala china chachikulu n'kuyamba kuwerenga mokweza, akumasulira Sipeya mawu ovuta. Linati tulo ndi chinthu chodziwika pa mankhwala amenewa, ndipo makolo akaona kuti lachuluka auze dokotala. Sipeya anamuuza achotse mawu akuti tulo, aikepo akuti kusiya. Apa mawu a Loya anatsika. Tsambalo linati munthu asasiye mankhwalawa mwadzidzidzi, chifukwa kugwa kuja kungabwerere, mwina koopsa kuposa kale, ngakhale patapita masiku munthu akuoneka bwinobwino.

Koma Loya ndi Loya. Anati amenewa ndi achipatala, akuteteza katundu wawo, ndiye sanganene kuti mapilisi awo ndi oipa. Ndinaona Sipeya akumwetulira pang'ono, chinthu chosowa. Anati funso limenelo ndi lanzeru, apite pabenchi ina. Anapeza tsamba la bungwe la anthu amene iwo eni ali ndi khunyu, pamodzi ndi makolo awo, a dziko lina lakutali. Amenewo mapilisi ankawadandaula kwambiri, tulo, chizungulire, zonse. Koma pa nkhani yosiya wekha kunyumba ananena chimodzimodzi. Anatsegulanso lachitatu, zomwezo.

Kenako Sipeya anati tsopano tiyeni tikamuone bambo wa chovala choyera uja. Loya anapeza vidiyoyo msanga. Sipeya sanalole kuti ayitsegule. Anati ayang'ane pansi pake, pamene palembedwa tizilembo tating'ono. Panali podina poti gulani, ndi chithunzi cha mabotolo omwe aja. Anasaka dzina la bamboyo palokha. Panalibe chipatala chimene amagwirako, panalibe sukulu imene anaphunzirako. Panali mavidiyo ena okhaokha, ndipo botolo lomwelo ankati limachiritsanso shuga, maso ndi dazi.

Loya anachotsa manja pakompyuta n'kuwaika pamiyendo. Sanalire. Anangoti, "Ndine ndinawaonetsa amayi."

Sipeya si munthu wodziwa kutonthoza. Anati munthu uja amadikira pageti tsiku lonse, ntchito yake ndi imeneyo, ndipo amagwira ngakhale akuluakulu ometa ndevu. Loya anatola timapepala ta mapilisi n'kunena kuti akafika kunyumba akamumwetsa Dalaivala mobisa. Sipeya anakana kwamtuwagalu. Anati iye sadziwa ngati munthu amene wasiya amayambiranso pomwe anasiyira kapena ayi, Loya sadziwa, ine sindidziwa, ndipo kompyutayo sinamuonepo mwanayo. Chimene apeza n'chokwanira kuuza amayi kuti apite kuchipatala msanga, basi. Anasindikiza masamba awiri n'kumupatsa.

M'mawa mwake amake Loya anatulukira, chipeso chili m'manja, kumbuyo kwawo kukubwera kasitomala woluka mutu theka amene sanafune kuphonya nkhani. Anayamba kukalipa asanalowe. Anafunsa kuti ndani anapatsa Sipeya chilolezo chotuma mwana kukatulutsa zinthu za m'nyumba mwawo, kuti msewu wonse udziwe. Anafunsa kuti udokotala anauphunzira kuti, m'ngalande muja anagwera? Apo ine ndinataya chubu chimene ndinali kumata n'kulowa. Ndinawauza kuti munthu wodziwa kuwotcha mitu ya anzake ndi mankhwala asamanene za udokotala. Iwo anati ine ndikhale chete, munthu wonunkha guluu amene ntchito yake ndi kupempherera misomali. Kasitomala uja anakhala pabenchi kuti aonere bwino.

Sipeya anadikira mpaka tonse mpweya utatithera. Kenako anakoka mpando ndi ndodo n'kunena kuti, "Khalani, mayi." Sanakhale, koma mawu anatsika.

"Foni yomweyo inandiuza kuti siyani," anatero mayiwo. "Lero kompyuta yanu ikuti musasiye. Mawa idzati chiyani? Inu mumamuona mwanayo akudutsa pamsewu basi. Amene ndimamuchotsa chakudya m'manja atagona nacho ndine. Ndinabereka mwana wochenjera, ndiye ndizimuona akusanduka chidole?"

Sipeya anati zimenezo ndi zoona, ndipo za mapilisi iye sadziwa kanthu. Chimene amadziwa n'chakuti kale chitsulo chikakhala kuti chikugwira ntchito koma chikukhula penapake, sankachitaya n'kuyendetsa galimoto chopanda. Ankabwerera nacho kwa amene anamupatsa n'kuloza pamene chikukhulapo. Anafunsa ngati za tulozo anawauzapo achipatala.

Mayiwo anati kuchipatala munthu suyankhula. Umaima pamzere kuyambira m'mawa, ukafika pawindo amakuponyera bokosi n'kuitana wina. Ndipo pano atasiyitsa okha mankhwala, akapita akakalipiridwa pamaso pa anthu ngati kamwana. Anaonjeza kuti mulimonsemo mankhwala a khunyu ndi omwewo, palibe chimene angasinthe.

Loya anali ataima pakhomo nthawi yonseyi, atavala kale yunifolomu. Sipeya anamukodola n'kuuza amayiwo kuti mawu awo omalizawo ndi funso, ndiye alifunse okha, mwanayo atayipe. Mayiwo anayamba kufotokoza kuyambira tsiku limene Dalaivala anabadwa. Loya anawaleka afike pakati, n'kunena motsitsa kuti, "Dulani, amayi." Ndinaganiza kuti chipeso chija chimuthera pamutu, koma ayi. Anadula. Linatsala dzina la mankhwala, mwana, tulo, kusintha. Loya anadumpha zapamwamba popanda womuuza. Anawerenga tsamba limodzi, kenako lina, akumasulira amayi ake. Onse ankati dokotala angathe kusintha kuchuluka kwa mankhwala, kapena nthawi yomwera, kapena kupereka mtundu wina, chifukwa mitundu ilipo ingapo, koma ayenera kuuzidwa zimene kholo likuona kunyumba.

"Ingapo?" anafunsa mayiwo.

"Ingapo, amayi."

Mayiwo anatola bokosi lija patebulo pamene Loya analiika, n'kutuluka osatsanzika. Kasitomala uja anawatsatira mokhumudwa, poti ndewu sinachitike.

Ine ndinkayembekeza kuona loko pa saluni tsiku lomwelo. Saluni inakhala yotsegula. Mawa lake yotsegulanso, nyimbo zikulira, azimayi ali pamzere chifukwa kunali ukwati kumapeto kwa sabata. Dalaivala ankayendetsa galimoto yake m'mphepete mwa msewu momwe mumadutsa malole, ndipo ine tayala lililonse ndinkamata diso limodzi lili pa iye. Akangoima pang'ono kukanda mwendo, mtima wanga unkaima naye. Ndinauza Sipeya kuti ndikamunyamula ndekha mwanayo kupita naye kuchipatala, amayi ake akandimangitse ngati akufuna. Iye anati kuchipatala akandifunsa kuti ndine ndani wake, ndikayankha chiyani. Koma ndinaona kuti tiyi wake ankazizira m'kapu osamwa, ndipo mwana amene anabwera ndi nthenga ya nkhunda anamukalipira popanda chifukwa.

Amene anamaliza nkhaniyi ndi Loya. M'mawa wina anavala yunifolomu, n'kunyamula chikwama, koma kusukulu sanapite. Anakakhala pa sitepe ya saluni, pakati penipeni pa khomo, bokosi la mapilisi lili pamiyendo pamodzi ndi masamba aja anasindikiza. Kasitomala aliyense wolowa ankachita kumulambalala, ndipo aliyense ankafunsa kuti mwanayu bwanji sali kusukulu. Loya ankayankha mwaulemu kuti akudikira amayi apite ndi mlongo wake kuchipatala. Amayi ake anamuopseza ndi lamba, anamuopseza ndi njala, anamukoka mkono. Iye ankadzuka n'kukhalanso. Azimayi a pamzere anayamba kunong'onezana, ndipo wina wachikulire anavula thaulo paphewa n'kunena kuti tsitsi lake lingadikire. Dzuwa lisanafike pamutu tinamva chitseko chachitsulo cha saluni chikutsika. Anadutsa pakhomo panga atatu, mayi patsogolo nkhope ili kumbali, Dalaivala pakati, Loya pambuyo ngati wapolisi.

Zakuchipatala anatiuza Loya madzulo ake. Kukalipiridwa anakalipiridwadi, koma osati kwambiri, ndipo osati pagulu. Amayi ake atafika pamaso pa dokotala pakamwa panauma, ndiye Loya ndi amene anayankhula. Anafotokoza nthawi imene tulo limamugwira mwanayo, mmene amasinzira akudya, ndi tsiku limene anasiya kumwa. Dokotalayo anamvetsera, anamuyeza Dalaivala, n'kumusinthira mankhwala, oyamba pang'onopang'ono, n'kuwauza tsiku lobwereranso.

Sizinayende myaa. M'masabata oyambawo mwanayo anagwa kamodzi m'kalasi n'kung'ambika chibwano padesiki. Amayi ake anabwera naye pakhomo pa shopu kudzaonetsa Sipeya bandejiyo, ngati kuti anamukankha ndi iye. Sipeya anangofunsa ngati auzako achipatala. Anati auzako. Anabwererako kangapo, saluni ikutsekedwa, makasitomala ena akuthawira kwina, ndipo zonsezo ankatiwerengera ife. Koma bokosi sanalibisenso. Loya akuti amayi ake ndi amene amaima pamutu pa mwanayo m'mawa uliwonse mpaka atsegule pakamwa aone kuti wameza.

Sipeya akadali pangodya pake pomwepo. Kompyuta imodzi inafa, yatsala imodzi, ndiye ana amadikirana pabenchi ndi masamba, miyala ndi mabuku awo. Aphunzitsi a anawo sakumudziwa, ndipo iye sanawafunepo. Amake Loya amamupatsa moni wa pakamwa pokha akamadutsa. Ine sandipatsa n'komwe, ndipo sindikuufuna.

Chigwereni padesiki paja Dalaivala sanagwenso mpaka pamene ndikulemba pano. Kalasi anabwerezadi, chifukwa chaka chinali chitapita kale. Tulo lidakalipo pang'ono madzulo, koma masana ndi wamoyo kuposa mmene ine ndingafunire. Sabata yatha ndinapeza waya wanga watsopano wadulidwa, ndi tizitsekerero ta mavavu tatayika m'chitini. Ndikutukula maso ndinaona Dalaivala ndi galimoto yamawaya yatsopano ikudutsa, tizitsekerero tanga tili kutsogolo ngati magetsi. Ndinamukuwira kuti aime. Anandiyang'ana, n'kuliza hutala ndi pakamwa, n'kuliyatsa liwiro. Ndinamuthamangitsa mpaka pamphambano, nsapato imodzi n'kuvuka, osamupeza. Nditapita kukanena ku saluni, amayi ake sanasiye n'komwe kuluka. Anangoti ngati bambo wamkulu ndalephera kugwira kamwana, ndipite kuchipatala akandione mwendo.